Bowo pa Chitseko cha Firiji

Firiji ija inalowa m'nyumba mwathu pamodzi ndi mkazi wanga. Inali mphatso yaikulu ya pa kichini pate, phwando la amayi okhaokha limene amachitira mkwatibwi ukwati usanachitike. Ine ndinaitanidwa chakumapeto kuti ndikamuvundukule chitenje kumaso, ndipo ndinaiona itaima pakona, yoyera, itamangidwa riboni. Amene anaigula ndi amayi ake, mothandizana ndi ang'ono awo. Zimenezi ndinkazidziwa. Koma patapita zaka ndikuitsegula m'mawa uliwonse, kwa ine inali itangokhala firiji basi.

Mkazi wanga anamwalira mvula itangoyamba. Anadwala masiku ochepa. Ndinatsala ndi mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi m'nyumba imene tinamanga pa mapuloti atsopano kuseri kwa boma la Chongwe.

Maliro atatha, abale ake anakhala pansi ndi abale anga. Kwawo ndi ku Katete. Amene analankhula ndi amalume ake, mlongo wa amayi ake, ndipo ananena zinthu ziwiri. Choyamba, katundu wa malemu asakhudzidwe kufikira iwo atabweranso pambuyo pa kukolola kudzagawa ndi kudzandisudzula, ndiko kundimasula pa ukwati. Chachiwiri chinali cha mwana. Kwawoko mwana ndi wa kuchikazi. Koma popeza anali atayamba kale sukulu ya ana aang'ono kuno, ndipo ine ndinali pantchito, anati akhale ndi ine.

"Tione kaye," anatero amalume.

Mawu amenewo ndinawamva bwino lomwe. Mwana anangondibwereka.

Choncho ndinasamala. Zovala za mkazi wanga ndinazipinda n'kuziika m'masutikesi. Mapoto ake, mbale za alendo, nsapato, makina osokera, zonse ndinazilowetsa m'chipinda chaching'ono n'kukiya. Ndinagula kapoto kanga ndi mbale ziwiri zapulasitiki. Ndinaphunzira kupesa tsitsi la mwana osamuliza. Firiji inatsala pamalo pake m'khitchini, ikulira monga kale, ndipo sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi kuti nayonso ndi katundu wa malemu.

Ntchito yanga ndi ya zoziziritsa. Ndinaphunzira ku koleji ku Lusaka, ndipo ndimakonza mathanki oziziritsira mkaka m'mafamu a ku Palabana. Mowa ndimamwa, koma pang'ono. Kale Lachisanu ndinkatsika minibasi n'kuyamba ndalowa pa bala ina ya pamsewu waukulu, kumwa botolo limodzi kapena awiri ndi anzanga. Mkazi wanga sankadana ndi mowawo. Chimene ankaopa ndi kuwoloka msewu uja kukuda, malole akuthamanga. Tsiku lina anandionetsa pa foni yake kanema wa munthu wakunja amene anaika mpopi wa mowa pa firiji.

"Imwe mukonza mafiriji ya banthu," anatero. "Simungapange mpopi wanu? Muzimwela pano panyumba, nizikuonani na maso yanga."

Tinaseka, nkhani n'kutha.

Atamwalira, pa bala ndinalekeratu, chifukwa madzulo ndinalibe womusiyira mwana. Masiku a ntchito ankatha okha. Ovuta anali a Loweruka. Ndikachapa, kusesa ndi kuphika, dzuwa limakhala lidakali pamwamba, mwana akusewera kwa anzake, ine n'kukhala pampando manja ali pamaondo. Loweruka lina ndinapezeka nditagwada kutsogolo kwa firiji ndi tepi yoyezera.

Mnzanga wina amayendetsa malo ogona alendo panjira ya ku Lusaka, ndipo amaitanitsa mowa wa m'migolo yachitsulo, imene amati makegi. Anavomera kundiitanitsira mgolo umodzi waung'ono, nandigulitsanso mpopi wakale ndi chitsulo chimene chimalumikiza paipi kukamwa kwa mgolo. Mowa wa mumgolo sutuluka wokha, umakankhidwa ndi gasi. Silinda ya gasiyo ndinakadzazitsa ku Lusaka kwa anthu amene amadzaza zozimitsira moto, ndipo ndinagulanso geji ya mawotchi awiri, ina yoonetsa gasi wotsala, ina yoonetsa mphamvu imene akukankhira. Pobwerera ndinaikumbatira pamiyendo mu minibasi. Kondakitala anaiyang'ana, nandiyang'ana ine.

"Ba boss, iyi si bomba? Ngati ni bomba nipaseni ndalama yanga manje, tikalibe kufa."

Anthu anaseka. Inenso ndinamva pakamwa panga pakusuntha, koyamba chichokereni kumanda.

Mgolo unakwana m'firiji nditachotsa mashelefu onse ndi bokosi la ndiwo zamasamba. Kumbuyo chapansi kuli chitunda chimene chimabisa injini, choncho ndinadula thabwa n'kuliika pamwamba pake kuti silinda iime mowongoka. Zakudya ndinazikankhira kumene zikanakwana: nyama m'chipinda cha ayezi pamwamba, mkaka wa mwana ndi majarini m'matumba a chitseko, matimati pambali pa mgolo.

Kenako panatsala kuboola. Aliyense wa ntchito yathu amadziwa kuti firiji suiboola m'mbali, chifukwa m'makoma ake mumadutsa timapaipi ta gasi wozizira, ndipo ukangotikhudza firiji yafa. M'chitseko mulibe kanthu koma chitsulo chopyapyala, thovu louma lachikasu ndi pulasitiki. Ndinayeza msinkhu woti tambula ikwane pansi pa mpopi, ndinamata tepi yapepala kuti utoto usasendeke, ndinayamba ndi kamsomali koboolera kakang'ono, kenako wina waukulu. Ndinaganizira chilichonse chimene chikanawononga firiji ija. Tizidutswa tachikasu tinagwera pansi, ndipo mwana, amene anabwera atamva phokoso, anatitola n'kunena kuti ndi mapopukoni a zidole zake.

Bowo linatuluka loyera bwino, lokwana chala chachikulu. Ndinalowetsa khosi la mpopi n'kumanga nati m'kati. Paipi ya mowa ndinaisiya yaitali n'kuikulunga pamwamba pa mgolo, chifukwa ikafupika mowa umatuluka mwaukali n'kusanduka thovu. Polumikizira paliponse ndinapaka madzi a sopo kuti ndione ngati gasi akuthawa. Pamodzi panatuluka timathovu, ndinamangitsa ndi sipanala, tinaleka. Tambula yoyamba inali thovu lokhalokha chifukwa mgolo unakhutchumuka panjira. Ndinausiya ugone. Mawa lake madzulo ndinakoka mpopi, ndipo mowa unatsika mwakachetechete, woyera, wozizira, thovu la pamwamba lokwana zala ziwiri.

Ndinaima nayo tambula ija m'khitchini nthawi yaitali ndisanamwe. Panalibe womuonetsa.

Kuyambira pamenepo ndinkamwa tambula imodzi mwana akagona, masiku ena osamwa n'komwe. Magetsi akazima sindinkatsegula chitseko, ndipo mgolo unkasunga kuzizira kwake mpaka abwere.

Abale a mkazi wanga anafika Loweruka lina masana, chimanga chisanaume, osanena. Apongozi anga, amayi a mkazi wanga, anali atapita kukapimitsa maso ku Lusaka moperekezedwa ndi amalume aja, ndipo pobwerera anati aone mdzukulu. Anatsagana ndi alamu anga, mkulu wake wa mkazi wanga, amene anakwatiwa ku Kanakantapa. Ndinasangalala kuwaona, ndipo ndinasangalalanso kuti andipeza bwino: pabwalo posesa, zovala zili pachingwe, mwana atasamba.

Amalume ndinawalowetsa pabalaza. Apongozi anakhala pamphasa pakhonde, atatembenukira kumbali. Ndi mmene tinkakhalira kuyambira tsiku la ukwati. Sitinkayang'anana m'maso, sitinkadyera pamodzi, ndipo akafuna kundiuza kanthu ankadzera mwa mwana wawo kapena mwa amalume. Ndinawapatsa moni nditanjuta patali, iwo nayankha akuyang'ana pansi.

Alamu analowa m'khitchini okha, poti ndi nyumba ya mng'ono wawo, kuti atungire amayi awo madzi akumwa. Mwana anawatsatira. Ndinamva mawu ake ndili pabalaza.

"Amai akulu, bwelani muone mpopi wa adadi. Mudonsa so."

Ndinaimirira, koma ndinali nditachedwa. Alamu anaganiza kuti ndi mpopi wa madzi ozizira, wonga wa mafiriji atsopano a m'masitolo. Anatchera kapu n'kukoka. Nditafika pakhomo la khitchini ndinawapeza atagwira kapu yotutuma thovu, akuinunkhiza.

"Ba mulamu, ichi n'chani?"

"Ndi mowa."

"Mowa? Uchoka mu filiji?"

Anatsegula chitseko. Anaona mgolo, silinda, mapaipi okulungana, ndi paketi ya mkaka wa mwana itapanikizika pambali. Anafuula kamodzi kokha, mfuu yonga imene anafuula kumanda.

Amalume anabwera. Pambuyo pawo panabwera apongozi, ndipo ine ndinasuntha n'kukaima pakona kuti adutse. Sanayang'ane mgolo. Anagwira chitseko ndi manja onse awiri, nachiyang'ana kunja, nachiyang'ana m'kati, popeza maso awo saona bwino. Anapapasa nati ija ndi zala. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana kumaso.

"Apongozi, mwaboola?"

Zaka zonsezo anali asanandilankhulepo maso ndi maso.

"Ndaboola, amayi."

"Firiji ya mwana wanga."

Sanali kufunsa. Anatuluka, ndipo ulendo uno sanabwerere pamphasa. Anakakhala pampando pabalaza, moyang'anana ndi ine. Mwana anamutumiza kukasewera kwa anzake.

Amalume anayamba mofatsa, ngati akucheza.

"Akamwini, bala yanuyi mumatsegula nthawi yanji? Tingaitane anzathu?"

"Si bala, amalume."

"Chilolezo munatenga ku khonsolo? Kapena ndi shabini?"

"Sindigulitsa. Ndimamwa ndekha, tambula imodzi."

"Nokha! Mgolo wonse uja?" Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Mwamva? Ife kumudzi mgolo wotere timaitanira anthu olimitsa munda wonse. Akamwini athu akuti ndi wawo okha."

Ndinayamba kufotokoza. Ndinati mowa wa mumgolo umakhala nthawi yaitali osawonongeka chifukwa mpweya sulowa. Ndinati ndinaboola pachitseko dala, pamene palibe mapaipi, ndipo firiji ikuzizira monga kale. Ndinati bowolo lingatsekedwe ndi kachitsekerero kapulasitiki, munthu osazindikira n'komwe. Ndinkadzimva ndekha ndikulankhula ngati ndili pafamu ndi mwini thanki, koma sindinathe kuleka.

Amalume anadikira mpaka nditatha.

"Sitinafunse ngati ikuzizira," anatero. "Tinati chiyani tsiku lija? Katundu wa malemu asakhudzidwe. Munalipo kapena tinkalankhula ndi mipando?"

"Ndinalipo. Zovala, mapoto, zonse ndinakiyira m'chipinda. Mungathe kukaona."

"Nanga firiji ndi ya yani?"



Apongozi analankhulanso, osakweza mawu. Anati kumudzi anali atagwirizana kale kuti pogawa katundu, firiji sidzachoka m'nyumba muno. Zovala zimatha, mbale zimasweka, koma firiji inali yoti mdzukulu wawo azikula akuiona n'kumadziwa kuti iyi ndi ya amayi. Anatinso mowa woyamba kulowa m'nyumba ya maliro ndi umene amafulula achibale pa tsiku losudzula, ndipo wamasiye amamwa atapatsidwa m'manja.

"Inu mwadzisudzula nokha," anatero. "Mwaika ndi mpopi."

Panali chinthu chimodzi chimene ndinali ndisananene, ndipo ndinkadziwa kuti n'chosayenera kunena. Ndinachinena.

"Maganizo amenewa anali ake. Ndiye anandionetsa pa foni. Anati ndizimwera panyumba azindiona."

Amalume anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Musaike mawu m'kamwa mwa munthu amene sangayankhe."

Koma alamu, amene nthawi yonseyi ankalira chamumtima pafupi ndi khomo, anapukuta m'maso ndi chitenje.

"Iyayi amalume, izo ni zake zoona. Nimuziba mufana wanga, pakamwa pake panali so." Anatsala pang'ono kuseka. Kenako anandiyang'ana. "Koma ba mulamu, anakamba kuti pa filiji yake?"

Ndinabwerera ku tsiku lija m'maganizo, iye atakhala pa mkono wa mpando, foni ili m'manja. Sananene. Za firiji yake sanatchule.

Anandipempha kuti ndituluke pang'ono. Ndinakaima kuseri kwa nyumba pafupi ndi thanki ya madzi. Ndinkaganiza kuti atenga firiji, kapena andilipiritsa mbuzi, ndipo zonsezo ndinali wokonzeka. Atandiitana, amalume sanazungulire.

"Mwana apita ndi amayi ake aakulu ku Kanakantapa. Lero."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Lero?"

"Sitinganyamuke pano n'kumusiya m'nyumba imene mkaka wake ukugona pamodzi ndi mgolo wa mowa, iye n'kumaphunzitsa alendo kukoka mpopi. Ku Kanakantapa si kutali. Lamulungu muzipita kukamuona. Tikadzabwera kudzakusudzulani, nkhani ya mwana tidzaikambanso."

"Ali pasukulu."

"Kumenekonso ana amaphunzira."

Ndinapita ku koleji, ndipo ndikudziwa kuti boma lili ndi malamulo ake pa nkhani ya ana. Ndikanatha kuima pakhomo n'kukana. Ndinaona m'maganizo mwana ali pakati, ine ndagwira dzanja ili, agogo ake agwira linalo, anthu a mapuloti oyandikana atatuluka kudzaonerera. Ndinaonanso kuti ndikatero, anthu awa, amene ndi okhawo angamuuze mmene amayi ake analili ali mwana, sadzapondanso pakhomo pano. Ndinati ndichotsa zonse pompano, mgolo ndibweza lero lomwe.

"Musakhudzenso," anatero amalume. "Mpopi ukhale pomwepo. Abale ena adzaone okha, asadzati tinakunamizirani."

Ndinalowa kuchipinda kukalongedza. Madiresi, juzi, nsapato za kusukulu, khadi la kusikelo, chipeso. Manja anga ankagwira ntchito bwinobwino ngati a munthu wina. Alamu anabwera kudzathandiza, koma anangoima pakhomo.

Ndili m'kati momanga chikwama, ndinamva amalume akunena pabalaza kuti akufuna akaonetsetse bowo lija. Analowa m'khitchini okha n'kukankha chitseko. Nyumba yathu ilibe siling'i. Ndinamva kapu ikutsika pa shelefu, kenako kaphokoso kamene ndinkakadziwa bwino, ka mpopi ukutseguka. Panapita kanthawi. Kanamvekanso kachiwiri.

Anatuluka akupukuta ndevu ndi kuseri kwa dzanja. Tinakumana m'kanjira ka pakati pa zipinda, ine nditanyamula chikwama.

"Ntchito mumaidziwa, akamwini," anatero motsitsa mawu. "Ndi wozizira ngati wa ku hotela." Anandigwira paphewa. "Koma mwana apita."

Mwana anaganiza kuti ndi ulendo wokacheza. Ankadumphadumpha njira yonse mpaka pa siteshoni, akufunsa ngati kwa amayi aakulu mbuzi zija zinabereka. Ndinamukweza ndekha mu minibasi n'kumukhazika pamiyendo ya alamu. Anandibayibitsa pawindo ndi manja onse awiri. Apongozi anali atabwerera ku mwambo wawo, akuyang'ana kumbali.

Nditafika kunyumba ndinatseka gasi pa silinda. China chilichonse ndinachisiya mmene chinalili.

Lamulungu loyamba mwana analira ine ndikunyamuka, ndipo alamu anachita kumugwira. Lamulungu lachiwiri mvula inawononga msewu wafumbi, minibasi inatitira m'matope, ndipo ndinafika dzuwa litapendeka, n'kungokhala pang'ono. Lamulungu lina pambuyo pake ndinalawirira. Ndinanyamula mabanzi, sopo ndi nsapato zatsopano, poti ndinaona kuti zakale zayamba kumuthina.

Ndinapeza alamu akusankha matimati opita kumsika. Anandiyalira mpando pansi pa mtengo wa mango. Ndinafunsa ngati amalume atchula tsiku.

"Bakuti bayambe bagulisa chimanga. Pamene apo ndiye bazaona."

"Nanga za mwana?"

"Ba mulamu, ine nisunga chabe. Bokamba ni beve."

Anatuma wina kukaitana mwanayo kudimba. Anabwera akuyenda pakati pa ana a alamu, atavala kachitenje kakang'ono m'chiuno, tsitsi litalukidwa bwino kuposa mmene ine ndinkachitira, mapazi ali ndi matope. Ndinatsegula manja. Iye anaima patali pang'ono, nagwada pansi, naomba m'manja kawiri monga anamuphunzitsira.

"Mwayenda bwanji, adadi?"

Ndinayankha kuti ndayenda bwino. Kenako anabwera n'kukhala pamiyendo panga, nayesa nsapato, nandiuza mayina a tiana ta mbuzi. Anadya banzi limodzi, ena anagawira anzake. Nthawi yonyamuka itakwana anandiperekeza mpaka pa mpanda, atagwira chala changa. Ndinali nditakonzekera njira yonse zimene ndidzayankhe akandifunsa kuti abwerera liti kunyumba.

"Muzabwelanso pa Sondo?" anafunsa.

Ndinati ndidzabwera. Anasiya chala changa n'kuthamangira kudimba kumene anzake ankamuitana.